Mpata wa Pakati pa Nyumba Ziwiri: Chivomerezi, Malire ndi Udindo kwa Mnansi

Mpata wa chivomerezi ndi malo opanda kanthu amene omanga amasiya dala pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana, kapena pakati pa zigawo ziwiri za nyumba imodzi yaikulu, kuti nthaka ikagwedezeka nyumbazo zisawombane. Umayambira pamwamba pa maziko mpaka kudenga. Pa nyumba zazifupi umangokhala masentimita ochepa, ndipo umakula nyumba ikamatalika. Kukula kwake sikochita kulota ayi. Malamulo a zomangamanga a mayiko ambiri amafotokoza kawerengedwe kake.

Nkhaniyi imaoneka ngati ya mainjiniya okha, koma m'kati mwake muli mafunso atatu amene akatswiri a filosofi ndi a zaumulungu akhala akulimbana nawo kuyambira kalekale. Tsoka lachilengedwe likapha anthu, mlandu umakhala wa yani? Kodi mwini malo ali ndi ufulu womanga mpaka pamzere weniweni wa malire ake? Nanga munthu ali ndi udindo wanji pa ngozi imene mwina sidzabwera iye akali moyo? Mafunso a mtundu umenewu ndi amene amakambidwa m'makalasi a filosofi ku Seminale Yaikulu ya Kachebere, ndipo boma la Mchinji, komwe kuli seminaleyo, linalawako chivomerezi mu 1989.

Mmene nyumba zimawombanirana

Chivomerezi chimakankha nthaka uku ndi uku, ndipo maziko a nyumba amapita nayo limodzi. Kumtunda kwa nyumba kumayamba kwatsalira chifukwa cha kulemera, kenako kumatsatira, kupitirira, n'kubwereranso. Nyumba iliyonse ili ndi liwiro lakelake la kupendekera kumeneku, molingana ndi kutalika kwake, kulemera kwake ndi kuuma kwa zipupa ndi nsanamira zake. Mainjiniya ali ndi chiyerekezo chachidule: nyumba ya nsanamira imatenga pafupifupi sekondi 0.1 pa nsanjika iliyonse kuti ipite ndi kubwerera kamodzi. Motero ya nsanjika ziwiri imanjenjemera mofulumira, pomwe ya nsanjika khumi imatenga pafupifupi sekondi yathunthu. Nyumba ziwiri zotere zikayandikana, imafika nthawi imene ina ikupendekera kum'mawa inzake ikupendekera kumadzulo. Ngati pakati pawo palibe mpata wokwanira zimagundana, ndipo zimatero mobwerezabwereza mpaka nthaka itakhala bata.

Kuwombanaku sikufanana kuopsa kwake. Koipitsitsa n'kumene kumachitika nsanjika za nyumba ziwirizo zikakhala zosalingana, chifukwa silabu ya konkire ya nyumba ina imamenya pakatikati pa nsanamira ya inzake, ndipo nsanamira ikathyoka zonse zimene inasenza zimatsika. Nyumba yolemera imapweteka yopepuka. Yaitali imavulala pamalo olingana ndi denga la yaifupi. Pamzere wa nyumba zogundizana, zakumapeto ndi zimene zimazunzika kwambiri, poti zimakankhidwa mbali imodzi popanda choziletsa mbali inayo.

Dziko linatsegula maso pa zimenezi chifukwa cha chivomerezi cha mumzinda wa Mexico pa 19 September 1985, chomwe mphamvu yake inali 8.0. Akatswiri awiri, Emilio Rosenblueth ndi Roberto Meli, analemba kuti zizindikiro za kuwombana zinapezeka pa nyumba pafupifupi 40 mwa 100 zilizonse zimene zinagwa kapena kuwonongeka kwambiri. Pa chivomerezi cha Loma Prieta ku California, pa 17 October 1989, ofufuza anawerenga malo opitirira 200 pamene nyumba zinawombana. Ku Christchurch m'dziko la New Zealand, pa 22 February 2011, pomwe anthu 185 anafa, nyumba zakale za njerwa zomangidwa khoma ndi khoma zinaonetsanso vuto lomweli.

Zimene malamulo amanena

Malamulo ambiri amagwirizana pa mfundo imodzi: mpata uyezedwe molingana ndi mmene nyumbayo ingasunthire. Injiniya amayamba wawerengera mtunda umene nsanjika iliyonse ingapendekere pa chivomerezi chimene akukonzekera, kenako n'kupeza mpata.

Malamulo a ku Ulaya otchedwa Eurocode 8, a mu 2004, amasiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati nyumba ili pafupi ndi malire a puloti ya munthu wina, mwini wake aibweze m'kati mwa puloti yake ndi mtunda wosachepera umene nyumba yakeyo ingasunthe. Ngati nyumba ziwirizo zili papuloti imodzi, kusuntha kwa ziwirizo kumaphatikizidwa mwa njira ina: nambala iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yokha, zotsatirazo n'kuphatikizidwa, kenako n'kufunafuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imabala chiwerengerocho. Mwachitsanzo, nyumba ina ingasunthe masentimita 6, inzake masentimita 8. Kuphatikiza wamba kukanapereka 14. Koma 36 kuphatikiza 64 ndi 100, ndipo nambala yobala 100 ndi 10, choncho mpata ukhala masentimita 10. Lamulolo limalolanso kuuchepetsa pouchulukitsa ndi 0.7 ngati nsanjika za nyumba ziwirizo zikulingana, ndiye kuti m'chitsanzochi ungatsike kufika pa masentimita 7. Malamulo a ku America otchedwa ASCE 7 amatsata njira yofanana pa malire ndi pa kaphatikizidwe. A ku India, IS 1893, amaphatikiza kusuntha kwa nyumba ziwirizo mwachindunji, nawonso n'kuchepetsa mpata ngati nsanjika zalingana.

Chifukwa chololera 10 m'malo mwa 14 n'chakuti n'kovuta kuti nyumba zonse ziwiri zifike pachimake pa kupendekera kwake nthawi imodzimodzi, zitayang'anizana. Apa lamulo likuvomereza poyera kuti silichotsa ngozi yonse. Likungoichepetsa mpaka pamlingo umene anthu agwirizana kuti angathe kukhala nawo. Ngakhale chivomerezi chimene amakonzekeracho n'chosankhidwa: ku Ulaya, pa nyumba wamba, n'chimene mwayi woti chichitike kapena kupitiriridwa pa zaka 50 ndi 10 mwa 100, kutanthauza chobwera kamodzi pa zaka pafupifupi 475. Manambala amenewa amachokera ku sayansi, koma kusankha poimira ndi chigamulo cha anthu pa funso lakuti moyo uyenera kutetezedwa pamtengo wanji.

Malawi, Mchinji ndi Kachebere

Malawi ali kumapeto kwa chigwa chachikulu cha Rift Valley, kumene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimenecho, ndipo m'mbali mwake muli ming'alu yaikulu ya pansi pa nthaka. Pa 10 March 1989 chivomerezi cha mphamvu yopitirira 6 chinagwedeza dera la Salima. Anthu osachepera 9 anafa, pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Zowonongeka zinafika ku Dedza ndi ku Mchinji, ndipo chinamvekanso ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, komanso kumalire a Zambia. Mu December 2009 zivomerezi zotsatizana zinakantha Karonga, chachikulu chili ndi mphamvu ya 6.0, anthu anayi anafa ndipo nyumba zikwi zambiri zinagwa kapena kung'aluka.

Kachebere ali pamalire a Malawi ndi Zambia, kufupi ndi Chipata. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni kumeneko mu 1903, ndipo seminale yaikulu inayamba mu 1939, yophunzitsa anyamata a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Derali lili pachitunda, pakati pa chigwa cha nyanja kum'mawa ndi chigwa cha Luangwa kumadzulo. Ngozi yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi ya ku Karonga kapena Salima, koma za mu 1989 zinaonetsa kuti kucheperako sikutanthauza kuti palibe.

Pa nyumba wamba ya m'midzi ya ku Mchinji, ya njerwa zowotcha kapena zidina, yopanda nsanjika, kuwombana si mdani woyamba. Zimene zimagwetsa nyumba zotere ndi matope ofooka omangira njerwa, kusowa kwa lamba wa konkire womanga zipupa zonse pamodzi pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ngodya zosalumikizana bwino, ndi zipupa zazitali za kumutu kwa denga. N'chifukwa chake malangizo a kamangidwe kotetezeka amene boma linatulutsa mu 2010 pambuyo pa tsoka la ku Karonga, mothandizana ndi UN-Habitat ndi Malawi Red Cross Society, anatsindika zinthu ngati zimenezi. Nkhani ya mpata imayamba kulemera m'malo awiri. Oyamba ndi malo amalonda a m'mbali mwa msewu, monga pa Mchinji Boma ndi pa Kamwendo, kumene malo oyang'ana kumsewu ndi odula, sitolo zimamangidwa mothithikana, ndipo munthu akapeza ndalama amaganiza zosanja nyumba ya konkire pambali pa sitolo yakale ya njerwa. Achiwiri ndi nyumba zazitali za mapiko, zonga za masukulu, zipatala, matchalitchi ndi maseminale, makamaka chigawo chatsopano chikamawonjezedwa ku chakale. Zigawo ziwiri zosiyana zaka, msinkhu ndi zomangira sizigwedezeka mofanana, ngakhale mwini wake ali mmodzi.

Kwa zaka zambiri kamangidwe m'Malawi kankayendetsedwa makamaka ndi malamulo ang'onoang'ono a makhonsolo a mizinda, ndipo nyumba zochuluka za kumidzi ndi m'malo amalonda zimamangidwa ndi amisiri popanda injiniya. Kumene woyendera ntchito safika, chimene chimatsala kuti chiteteze mnansi ndi chikumbumtima cha mwini nyumba ndi mmisiri wake. Apa m'pamene nkhani ya masentimita imasanduka nkhani ya makhalidwe.

Mlandu ndi wa yani?

Filosofi ya Chikhristu imasiyanitsa zoipa za mitundu iwiri: zochokera m'chilengedwe, monga chivomerezi, chilala ndi matenda, ndi zochokera ku chifuniro cha munthu, monga kuba ndi kupha. Pa zoyambazo funso limalunjika kwa Mulungu: ngati ali wabwino ndi wamphamvu zonse, amaloleranji zimenezi? Katswiri wa filosofi Leibniz anayesa kuyankha m'buku lake la Théodicée mu 1710, ponena kuti dziko lilipoli ndi labwino koposa onse amene akanatheka. Yankholi linayesedwa pa 1 November 1755, tsiku la Oyera Onse, pamene chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon anthu ambiri ali m'matchalitchi. Alaliki ena anati ndi chilango cha machimo. Voltaire anakana zonse ziwiri, chilango ndi chiyembekezo cha Leibniz. Rousseau, m'kalata yake kwa Voltaire mu 1756, anatembenuza funsolo: si chilengedwe chimene chinaunjika nyumba zosanja zikwi zambiri pamalo amodzi, koma anthu. M'chaka chomwecho Kant analemba nkhani zitatu zofufuza gwero la zivomerezi m'chilengedwe momwemo. Ndipo nduna ya boma, Marquês de Pombal, anamanganso mzinda wa Lisbon ndi misewu yotakata ndi zipupa zokhala ndi mafelemu a matabwa m'kati.

Maganizo oti tsoka ndi chilango, kapena kuti latumidwa ndi munthu, ndi odziwika bwino m'Malawi, ndipo nthano za Napolo zimafotokoza kugumuka kwa mapiri ndi kusefukira kwa madzi mwa njira yakeyake. Koma Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 13, umasimba za nsanja ya ku Siloamu imene inagwera anthu 18, ndipo Yesu akukana kuti ophedwawo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Kugwa kwa nyumba si chiweruzo pa amene yawagwera.

Kuwombana kwa nyumba kumaonetsa kuti mzere wa pakati pa mitundu iwiri ya zoipa suli pamene anthu amauika kawirikawiri. Kugwedezeka kwa nthaka si ntchito ya munthu. Koma nthaka yokha singathe kumenyetsa silabu pa nsanamira. Pamafunika wina amene anaika silabuyo pafupi ndi nsanamirayo. Nyumba ziwiri, iliyonse yolimba payokha, zingathe kupulumuka chivomerezi zitatalikirana n'kuwonongana zitagundizana. Gawo la tsoka lobwera chifukwa cha kugundizanako lili ndi mwini. Izi sizithetsa funso la Mulungu ndi mavuto, chifukwa chivomerezi chimapha ngakhale kumene anthu anamanga mosamala. Koma zimalichepetsa, ndipo zimaletsa munthu kubisa ulesi kapena umbombo wake kumbuyo kwa chifuniro cha Chauta. Udindo umakulanso pamodzi ndi chidziwitso: amene anamanga khoma ndi khoma zinthuzi zisanadziwike sali pamlandu wofanana ndi amene akutero lero atachenjezedwa.

Ufulu wa mwini malo

Mwini puloti angafunse kuti: malo ndinagula ndekha, lamulo likundilanda bwanji kachigawo kake? Funsoli ndi lakale ngati mizinda yomwe. Malamulo a Hammurabi ku Babulo, cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, ankalamula kuti mmisiri aphedwe ngati nyumba imene anamanga yagwa n'kupha mwini wake. Malamulo akale a ku Roma, a cha m'ma 450 Khristu asanabadwe, ankafuna kuti pozungulira nyumba pasiyidwe kanjira ka mapazi awiri ndi theka. Moto utatentha Roma m'chaka cha 64, wolemba mbiri Tacitus akusimba kuti mfumu Nero analamula kuti nyumba iliyonse ikhale ndi zipupa zakezake, osagawana khoma ndi inzake. Aroma ankaopa moto, osati chivomerezi, koma mfundo ndi imodzi: kamangidwe ka munthu kamakhudza moyo wa amene sanafunsidwe.

Baibulo limagwira mbali zonse ziwiri. Buku la Deuteronomo limaletsa kusuntha malire a mnansi, kusonyeza kuti umwini wa malo ndi wolemekezeka. Buku lomwelo, mutu 22, limalamula womanga nyumba yatsopano kuti aike kampanda m'mphepete mwa denga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale panyumbapo. Mwini nyumba akulamulidwa kuwononga chuma chake pofuna kuteteza mlendo amene sanabwere n'komwe. Mneneri Yesaya, mutu 5, akudzudzula olumikiza nyumba ku nyumba ndi munda ku munda mpaka ena kusowa pokhala. Iye ankanena za olemera olanda malo, koma mzimu umene akuudzudzula, wofuna kudzaza paliponse, ndi womwewo umene umameza mpata.

Thomas Aquinas anaphunzitsa kuti n'koyenera munthu kukhala ndi chuma chakechake, chifukwa chinthu chokhala ndi mwini chimasamalidwa bwino, koma pochigwiritsa ntchito azikumbukira kuti zolengedwa zinaperekedwa kwa onse. Anafotokozanso lamulo ngati dongosolo la nzeru lolinga ku ubwino wa onse. Papa Pius XI, m'kalata ya Quadragesimo Anno ya mu 1931, anabwereza kuti umwini uli ndi nkhope ziwiri, ya munthu payekha ndi ya gulu. Poona motere, mpata sulanda munthu malo ake. Nyumba ikamagwedezeka imatenga malo okulirapo kuposa pamene yaima chilili, ndipo malo owonjezerawo ayenera kuchokera kwinakwake. Womanga mpaka pamzere watenga kale malo a mnansi, kungoti kulowererako kudzaonekera tsiku la chivomerezi.

Kapangidwe ka lamuloli kali ndi nzeru ina. Pa malire a anthu awiri, aliyense amayeza kusuntha kwa nyumba yake, osati kwa ya mnzake. Safunika kudziwa chimene mnansi adzamange, kapena kudikira kuti mnansiyo ayambe ndiye kuchita chilungamo. Puloti yoyandikana nayo ingakhale tchire lero. Udindo ulipobe kwa munthu amene sanagule n'komwe malowo. Ndipo onse awiri akasiya gawo lawo, mpata umakwana 14 ya m'chitsanzo chija, osati 10. Lamulo limafuna kusamala kokulirapo pakati pa anthu osadziwana zolinga kusiyana ndi pamene mwini mmodzi akudziwa nyumba zonse ziwiri.

Pali zotsutsa zomveka. Choyamba ndi mtengo. Malo otayikawo ndi ochepa: pa puloti ya mamita 10 m'lifupi, masentimita 5 mbali iliyonse ndi gawo limodzi mwa 100. Mtengo weniweni ndi womanga khoma lachiwiri m'malo motsamira pa la mnansi, ndi wolipira injiniya. Kwa wamalonda wamng'ono zimenezi si zamasewera, ndipo lamulo limene osauka sangathe kulitsata limangosanduka khomo la ziphuphu. Yankho lake si kufafaniza mpata, koma kupereka malangizo osavuta a nyumba zazing'ono, amene mmisiri angatsate popanda masamu ovuta, n'kusunga zofunika zolemera kwa omanga nyumba zosanja. Chachiwiri ndi nyumba yakale imene inamangidwa kale pamzere. Wobwera pambuyo angadandaule kuti akusenza katundu wa awiri. Komabe ndi nyumba yake yatsopano imene ikubweretsa ngozi imene panalibe, ndipo kawirikawiri ndi iyo yolemera ndi yaitali. Chilungamo chimafuna kuti wobweretsa ngozi, amenenso ali ndi mphamvu zambiri, asenze gawo lalikulu.

Umunthu ndi kutalikirana

Chitsutso chachitatu chimachokera m'chikhalidwe. Umunthu, umene olemba a ku Malawi monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima aufotokoza mozama, umaika munthu pakati pa anzake. Akuluakulu amati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Kodi lamulo lolekanitsa nyumba silibweretsa mzimu wachilendo wa aliyense payekha?

Mudzi wa Achewa umayankha wokha. Nyumba, khitchini, nkhokwe ndi khola zinkaima padera, pakati pali bwalo, ndipo chifukwa china chinali choti moto ukagwira denga la udzu usalumphire kwa mnansi. Anthu anali pamodzi pa maliro, pa dima ndi pa milandu, koma zipupa zawo sizinkakhudzana. M'chikamwini, mkamwini ndi apongozi ake amapatsana ulemu wotalikirana, ndipo kutalikirana kumeneko n'kumene kumasunga mtendere m'banja. M'buku la Genesis, mutu 13, Abrahamu anapempha Loti kuti asiyane malo odyetsera ziweto pofuna kuti ubale usathe, ndipo Loti atagwidwa pankhondo Abrahamu yemweyo anapita kukamulanditsa. Kupatsana malo ndi mbali imodzi ya kukhala pamodzi.

Uinjiniya umadziwanso njira yachiwiri. Zigawo ziwiri zingathe kumangidwa pamodzi kotheratu, ndi zitsulo ndi konkire, n'kuwerengeredwa ngati nyumba imodzi, kuti zizisuntha limodzi. Njirayi imafuna kuti eni ake agwirizane, ndiponso kuti wina awerengere mphamvu zodutsa pamalumikizirowo. Motero njira zotetezeka ndi ziwiri: kulumikizana kwenikweni kapena kulekana kwenikweni. Yoopsa ndi yapakati, pamene nyumba zikukhudzana popanda chozimanga pamodzi, iliyonse ikuyenda mwa iyo yokha koma ikugwiritsa inzake ngati chotsamira. Umunthu umatsutsana ndi mkhalidwe womwewo pakati pa anthu, wofuna phindu la kuyandikana popanda kusenza udindo wake.

Kukonzekera zimene mwina sizidzabwera

Chivomerezi cha kamodzi pa zaka 475 chingabwere mawa, chingathenso kudikira mpaka womanga, ana ake ndi adzukulu ake atapita. N'zotheka ndithu kuti mpata usadzagwire ntchito pa moyo wonse wa nyumbayo. Ena amaona kukonzekera kotere ngati kuchepa kwa chikhulupiriro, n'kumati Mulungu ndiye mlonda. Koma miyambo ya Chikhristu imatcha maganizo otere kuyesa Mulungu, tchimo limene Yesu anakana pamene anauzidwa kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi. Aquinas anaika nzeru yoona patsogolo pamalo oyamba mwa makhalidwe anayi aakulu, ndipo anaphunzitsa kuti chisamaliro cha Mulungu chimagwira ntchito kudzera mwa zolengedwa, kuphatikizapo nzeru za anthu. Yosefe anasunga tirigu ku Ejipito zaka za njala zisanafike. Kukhulupirira ndi kuwerengera sizilimbana.

Ubwino wa chochita umayezedwa ndi zimene munthu ankadziwa pochita, osati ndi mwayi wotsatira. Womanga wosiya mpata wachita bwino ngakhale chivomerezi chisabwere, ndipo wosausiya walakwa ngakhale nyumba yake itaima zaka zana. Nyumba imakhalitsa kuposa mwini wake. Amene adzagonemo, alendi, ogula m'sitolo ndi odutsa panjira sanakhalepo posankha. Mwambi woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe umagwira ntchito pano pakati pa maboma: zimene Salima ndi Karonga anaona ndi phunziro la Mchinji.

Udindowu suthera pa pulani. Mipata yambiri imajambulidwa bwino koma imafa pomanga. Matope ndi zidutswa za njerwa zimagweramo n'kuuma, matabwa othirira konkire amasiyidwa momwemo, wopaka pulasitala amautseka kuti khoma lioneke bwino, ndipo pakapita zaka umadzaza zinyalala. Mpata wodzaza ndi zinthu zolimba ndi chimodzimodzi kusakhalapo. Uyenera kukhala wopanda kanthu kapena wodzazidwa ndi chinthu chofewa chimene chimafinyika, ndipo pamwamba ndi m'mbali umavundikiridwa ndi lata lokhomedwa ku nyumba imodzi yokha, kuti mvula ndi makoswe zisalowe koma nyumba zikhale zomasuka kusuntha. Mapaipi ndi mawaya odutsa pamenepo amafunika malumikiziro otha kupindika. Ntchito imeneyi ili pamalo amene mwini nyumba saona ndipo woyendera safikapo kawirikawiri, choncho imadalira kukhulupirika kwa mmisiri pamene palibe womuyang'ana.

Mpata uli ndi malire a zimene ungachite. Sulimbitsa nyumba ya maziko osaya, ya simenti yochepa kapena ya nsanamira zopanda zitsulo zokwanira. Umangoonetsetsa kuti nyumba iliyonse ikulimbana ndi chivomerezi chokha, osati chivomerezi ndi mnansi. Cholinga chachikulu cha malamulo a chivomerezi ndi choti anthu atuluke amoyo, osati kuti nyumba isang'aluke konse. Kuti cholingacho chikwaniritsidwe, udindo umagawika panayi: mwini malo avomere kusiya gawo la puloti yake, injiniya awerengere moona, mmisiri asunge mpatawo woyera mpaka ntchito itatha, ndipo khonsolo iyang'ane mapulani ndi ntchito yomwe, poimira mnansi amene alibe mawu pa zomanga za mnzake. Mmodzi mwa anayiwa akalephera, ntchito ya atatu enawo siteteza munthu.